Dzina la Singano Zitatu Linatha pa 3 Malichi

Lolemba pa 2 Juni, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mayi wina analowa m'shopu ya Singano Zitatu osapereka ndi moni womwe. Anaika foni yake pa tebulo lodulirapo, pamwamba pa nsalu ya buluu imene Sentimita anali atangoilemba ndi choko.

"Ndabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wanga. Masiku khumi akwana."

Sentimita ndiye ankayendetsa shopuyo chimwalirire bambo ake. Dzina limeneli anam'patsa ndi iwowo ali mtsikana, chifukwa sankalola msoko kupitirira pamene tepi yanena. Anatsegula buku la maoda n'kuyendetsa chala tsamba ndi tsamba. Dzina la mayiyo munalibe.

"Pepani mayi, odayo munapereka kwa ndani?"

"Kwa inu nomwe! Pa intaneti. Adiresi ndinaikopera pa kolala ya shati ya mkulu wake. Ndinalipira pa 23 Meyi. Onani apa, musandiyang'ane ngati ndapenga."

Sentimita anapukuta choko m'manja n'kunyamula foni ija. Adiresi inali yawodi, yomwe ija yosokedwa pa kolala ya shati iliyonse yotuluka m'shopumo. Chithunzi chinali cha bambo ake ali pa makina, tepi ili m'khosi, magalasi ali pamphuno. Koma nambala ya foni inali yachilendo, ndipo pansi pake panali mawu ofiira akuti munthu alipiriretu zonse, katundu adzam'peza pakhomo.

Bambo ake sanalandirepo kanthu kwa kholo asanamuyeze mwana. Ankati mwana sayezedwa pa foni.

"Mayi," anatero Sentimita, mawu ali pansi, "nkhopeyi ndi ya bambo anga. Koma amene mwam'lipirayu si ife."

Pofika masana anali atabwera makolo atatu, nkhani yake yomweyo. Onse Sentimita anawalemba m'buku: tsiku limene analipira, nambala imene anatumizako, ndi uthenga umene analandira. Wachitatuyo anatuluka akulalata mpaka pamsewu.

Cha m'ma 3 koloko ahedi a sukulu ya pulayimale anaitana Sentimita. Iwowa ndi amene ankatsogolera komiti ya masukulu atatu amene ankasoketsa mayunifolomu ku Singano Zitatu. Masukulu amenewa ndiwo ankayendetsa makina onse anayi a m'shopumo ndi kudyetsa mabanja asanu ndi limodzi.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero ahedi. "Suti yanga ya ukwati anasoka ndi bambo ako, ndipo ikundikwanabe, bola ndisamange batani. Sindikunena kuti ndiwe wakuba. Koma kalata yopita kwa makolo timasindikiza Lachinayi pa 31 Julayi, ndipo mumakhala dzina lanu ndi adiresi yanu. Ine sindingalozere makolo a masukulu atatu njira ya kwa mbala."

"Nanga titatsegula adiresi ina?"

"Ndiye mashati onse amene ali kunjaku? Ukayenda nyumba ndi nyumba kukasomola makolala? Kholo limakhulupirira kolala kuposa kalata yanga. Ikafika 31 adiresiyo ili ndi eni ena, komiti iika telala wina."

Sentimita anawerenga masiku pa kalendala ya mu ofesimo. Anali 59.

Khomo loyandikana ndi shopu yawo linali la fotokope. Mwini wake anali mayi wodekha, wosathamanga polankhula, amene anagwirapo zaka zisanu ndi zitatu ku kampani ya intaneti asanatsegule yake. Msewu wonse unkangowatchula kuti Aneba. Anamvetsera nkhani yonse osadula, kenako anatembenuza kompyuta kuti onse awiri aziona.

"Choyamba, sanakuthyolereni," anatero Aneba. "Palibe waba mawu achinsinsi. Dzina la pa intaneti, limene akatswiri amati domeni, sagula ngati makina. Amabwereka, ngati bokosi la ku positi ofesi. Nthawi ikatha osalipiranso, amadikira pang'ono, kenako amalipereka kwa aliyense amene wabwera. Makalata ako onse amayamba kugwera m'manja mwake."

Anatsegula kaundula wa mayina, amene aliyense angathe kumuona. Dzina la mwini watsopano linali lobisika, koma masiku anali poyera. Dzina la Singano Zitatu linalembetsedwa mwatsopano Lachiwiri pa 20 Meyi.

"Bambo analipiriratu zaka zisanu," anatero Sentimita. "Ndikukumbuka, anabwera akudzitama."

"Analipira liti?"

Sentimita anawerenga ndi zala. Zaka zisanu zija zinatha pa 3 Malichi.

"Ndiye kuti kuyambira Malichi tsamba lanu linali lozima," anatero Aneba. "Simunaone?"

"Telala amayang'ana chikwangwani chake? Maoda anachepa, ife tinkati ndi nyengo."

"Makampaniwa amatumiza machenjezo kangapo. Ankapita ku imelo ya ndani?"

Imelo inali ya bambo a Sentimita, ndipo inkatsegulidwa pa foni yawo yokha. Foni imeneyo amayi ake anaizimitsa tsiku la maliro, mu Epulo chaka chatha, n'kuikiyira m'dirowa ya makina a malemuwo. Makinawo anawafunditsa nsalu. Kiyi anali kwa amayiwo, ndipo panalibe amene anayesapo kuwapempha.

Aneba anati, "Pali ntchito ziwiri, ndipo musaziphatikize. Yoyamba ndi kuzimitsa moto: tsambali litsekedwe, makolo asiye kuberedwa. Yachiwiri ndi kubweza dzina. Tiyambe ndi moto."

Anajambula tsamba lonse la wakubayo, tsiku ndi nthawi zikuoneka. Anaonjezapo mauthenga a makolo atatu aja. Lachiwiri pa 3 Juni m'mawa Sentimita anaperekeza makolowo ku polisi, n'kutenga nambala ya lipoti. Masana omwewo anatumiza zonse ku kampani imene inalembetsa dzinalo, ku adiresi yake yolandirira madandaulo a chinyengo. Kalatayo inali ya mizere khumi ndi iwiri. Aneba anachotsamo mawu akuti "mbava yopanda manyazi".

"Si zoona kodi?" anafunsa Sentimita.

"Ndi zoona, koma si umboni. Woiwerengayo ali ndi makalata mazana. Mum'patse tsiku, chithunzi ndi nambala."

M'shopu muja munali munthu mmodzi amene sanakondwe ndi njirayi. Anali malume ake a Sentimita, mlongo wa amayi ake, kalaliki wa khoti wopuma pa ntchito. Tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pa benchi ya makasitomala, kuwerenga nyuzipepala n'kumaweruza milandu ya m'menemo mokweza.

"Mwadandaula kwa ndani?" anafunsa Amalume, akuchotsa magalasi. "Kwa kampani yomwe inam'gulitsa dzinalo? Ha! Mwapempha fisi kuti alondere mbuzi. Zaka 31 ndili kukhoti sindinaonepo wogulitsa akuweruza kasitomala wake. Izi n'za boma izi. Lamulo, samani, unyolo, basi!"

"Samaniyo mukam'patsira kuti, bambo?" anafunsa Aneba, amene anali atabwera ndi siketi yoti aipinde. "Mwina ali tsidya la msewu uno, mwina ali tsidya la nyanja zitatu."

"Ndiye boma likhazikitse ofesi yake, lizitseka lokha."

"Ena akufuna zomwezo, ndipo mfundo ali nayo. Makampani ena ndi aulesi, ena amatsinzina dala chifukwa wakuba nayenso amalipira. Ine ndagwirako, ndikudziwa. Koma ena amati kiyi wotsekera wakuba ndi yemweyo angatsekere nyuzipepala imene mwagwirayo, tsiku limene yalemba zosakomera mwini kiyi. N'chifukwa chake makampaniwa anapangana malamulo awoawo. Aliyense wolembetsa dzina amavomera malamulowo asanapatsidwe. Wakubayu anavomera nawo, ngakhale sanawerenge."

"Malamulo opanda wapolisi ndi nyimbo chabe," anatero Amalume, n'kubwerera ku nyuzipepala.

Lachinayi pa 5 Juni, nthawi ili 11 koloko, Sentimita analemba adiresi ija pa foni. Tsamba silinatseguke. Nkhope ya bambo ake inali itachoka m'manja mwa mlendo. Panali patapita masiku awiri okha.

Amalume anayang'ana foniyo nthawi yaitali. "Mwayi," anatero. "Ngakhale wotchi yakufa imalondola kawiri pa tsiku."

Koma dzina linali likadali la munthu uja. Lachisanu pa 6 Juni uthenga unafika pa foni ya shopu. Wolembayo sanadzitchule. Anati wamva kuti dzinali amalifuna, ndipo ndi wokonzeka kuwagulitsa. Mtengo umene ananena unali woposa makina onse anayi. Anamaliza ndi mawu akuti akachedwa agulitsa kwa telala wina wa mumzinda momwemo.

"Ndipatse foniyo ndimuuze za makolo ake!" anatero Amalume, atadzuka pa benchi.

Aneba anafika foni ili m'mwamba, Sentimita akuikaniza. Atawerenga, anamwetulira koyamba sabata imeneyo.

"Musam'tukwane, ndipo musam'lonjeze kanthu. Munthuyu wakulemberani yekha umboni. Jambulani uthengawu."

Anakhala pa mpando wa makina n'kufotokoza. Pali bungwe la oweruza mikangano ya mayina, limene makampani olembetsa anavomera kumvera. Munthu sapita kukaonekera, zonse zimayenda polemba. Malamulo ake amasiyanako malinga ndi kumene dzina linalembetsedwa, koma kumene kunali lawoli ankafuna zinthu zitatu. Dzina lolandidwalo lifanane ndi dzina limene wodandaula amadziwika nalo pa malonda. Wolitengayo akhale wopanda chifukwa chomveka chokhalira nalo. Ndipo zioneke kuti analitenga ndi kuligwiritsa ntchito ndi mtima woipa.

"Chachitatu watipatsa yekha," anatero Aneba. "Chachiwiri avutika nacho ndi iyeyo. Changa chodetsa nkhawa ndi choyamba. Dzina la Singano Zitatu munalilembetsa ku boma ngati chizindikiro cha malonda?"

Sanalilembetse. Chiphaso cha bizinesi chinali m'dzina la bambo ake lenileni, ndipo mawu akuti Singano Zitatu munalibe.

"Msewu wonse ukudziwa kuti ndi ife!" anatero Amalume.

"Woweruzayo sanapondepo msewu uno, bambo. Inu mukudziwa bwino kuposa ine: chimene sichili m'fayilo kulibe."

Amalume anabwerera pa benchi. Mawu amenewo anali awo omwe, ankawanena tsiku lililonse.

Panalinso malipiro a dandaulo, ndipo sanali ochepa. Apa Amalume anapeza polasa. "Mwaona? Chilungamo cha ogulitsa chimagulidwa. Wosauka atani?" Aneba anavomera kuti pamenepo m'pofooka, ndipo kuti ambiri amangosiya dzina lawo lipite. Bungwe la atelala, limene bambo a Sentimita anali membala wake kuyambira pachiyambi, linathandiza mbali ina.

Kunatsala umboni. Loweruka pa 7 Juni masana, osoka ena ataweruka, Sentimita anakhala pafupi ndi amayi ake, amene ankasokerera mabatani pa zenera monga mwa nthawi zonse.

"Amayi, ndikupempha kiyi wa dirowa."

Singano inaima. "Za bambo ako zisiye mmene anazisiyira."

"Anasiya dzina, amayi. Ndi limene latengedwali. Machenjezo onse ali mufoni muja."

"Ndiye ukuti ndine ndalakwitsa?"

"Ayi. Ine ndimadutsa pa makina amenewa kakhumi pa tsiku, sindinafunsepo. Tonse tinkaopa dirowa imodzi."

Amayi anamaliza batani limene anali nalo, n'kudula ulusi ndi mano. Anapisa m'thumba la juzi, natulutsa kiyi womangidwa ku kansalu ka buluu. Sanam'patse. Anadzuka okha, anavundukula makina aja, natsegula dirowa.

Foni inatenga theka la ola kuti iyake. Mawu achinsinsi amayi ankawadziwa: linali tsiku limene anagula makina oyamba. Mu imelo munali machenjezo asanu osatsegulidwa. Loyamba linali la pa 1 Febuluwale. Lomaliza linali la pa 17 Epulo, ndipo linkati uwu ndi mwayi wotsiriza. Pansi pake panali kalata yakale yotsimikiza kuti bambo ake ndiwo analembetsa dzinalo poyamba.

"Ankatiitana kasanu konse," anatero amayi, "ife tili pompano tikusoka."

Kalata ija inkasonyeza zaka zisanu zokha. Aneba anati ingathandize, koma zikanakhala bwino kusonyeza kuti dzinalo ndi lakale kuposa tsamba la pa intanetilo. Amayi ndiwo anakweza maso kudenga.

Pamwamba pa shelefu panali makatoni asanu ndi awiri a mapatani akale. Bambo a Sentimita anali ndi kachitidwe kamene aliyense ankawaseka nako. Patani iliyonse imene adula pa pepala lolimba, ngakhale ya thumba la kabudula, ankaidinda chidindo cha shopu, n'kulemba tsiku, sukulu ndi saizi. Sankataya ngakhale imodzi. Mu Januwale Sentimita anafuna kuwotcha makatoniwo kuti apeze malo oika nsalu, koma amayi anakana, ndipo anakhala masiku awiri osalankhulana.

Anawatsitsa onse, fumbi lili kobo. Patani yakale kwambiri inali ya kolala ya shati ya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chidindo chinali chitazilala koma chinkawerengeka: Singano Zitatu. Tsiku lake linali la zaka 19 zapitazo, pa 11 Ogasiti. Kuchokera pamenepo panalibe chaka chimene chinasowa.

"Paja unkati ndi zinyalala," anatero amayi, osamuyang'ana.

"Ndinanena, amayi. Ndabweza mawu."

Lolemba Amalume anafika ndi zomangira mafayilo. Palibe amene anawapempha. Anavula jekete, nayala mapatani pa tebulo lodulirapo, n'kusankha imodzi pa chaka chilichonse. Iliyonse anaipatsa nambala, nalemba mndandanda ndi dzanja lawo la kukhoti, loongoka ngati losindikiza.

"Sindikuti ndavomereza bwalo lanuli," anauza Aneba. "Koma fayilo yotuluka m'banja lino siyingapite ngati mtolo wa nkhuni."

Ahedi analemba kalata yonena chaka chimene sukulu inayamba kusoketsa kumeneko. Nkhani itamveka, makolo anayamba kubwera ndi mashati akale a ana amene tsopano ali pa ntchito, makolala ake othetheka koma dzina likuoneka. Mmodzi mwa iwo anali mayi uja wa pa 2 Juni. Anaponya shati ya mwana wake wamkulu pa tebulo.

"Ndalama zanga sizinabwerere," anatero. "Koma jambulani iyi. Zaka zinayi, batani silinathothokepo."

Sentimita anamuyeza mwana wamng'onoyo tsiku lomwelo.

Dandaulo linatumizidwa Lachinayi pa 12 Juni. Pa 16 Juni bungwe lija linadziwitsa wotenga dzinayo, n'kum'patsa masiku 20 oti ayankhe. Dzinalo analimanga kuti asaligulitse kapena kulisamutsa mlandu uli m'kati. Anayankha pa 4 Julayi, kutatsala masiku awiri. Anati iye anali ndi maganizo otsegula sitolo ya singano ndi ulusi, ndipo za shopu ya mayunifolomu sanamvepo.

"Sanamvepo!" anakuwa Amalume. "Nanga mlamu wanga anafika bwanji pa tsamba lake? Anagwa ndi mvula?"

Woweruza anasankhidwa pa 8 Julayi. Sanam'dziwe, ndipo iye sanawadziwe. Lachitatu pa 16 Julayi chigamulo chinafika, masamba anayi. Sentimita anachisindikiza kwa Aneba n'kuchipereka kwa Amalume kuti awerenge mokweza, makina onse ataima.

Woweruzayo anatchula mapatani 19 ndi manambala ake. Anati ngakhale dzinalo silinalembetsedwe ku boma, umboni ukusonyeza kuti anthu akhala akulidziwa ngati la shopuyi kwa zaka 19 zosadukiza. Anati woyankhayo sanaonetse ngakhale singano imodzi ya sitolo yakeyo. Anatchula chithunzi chobedwa, lipoti la ku polisi, ndi uthenga wa pa 6 Juni. Ananenanso mosabisa kuti kuiwala kulipira kunali kulakwa kwa banjalo, koma kulakwa kumeneko sikupatsa munthu wina ufulu wovala nkhope ya mnzake. Analamula kuti dzina libwerere.

Osoka anaimba m'manja. Amalume anapitiriza kuwerenga chamumtima, kenako anakweza chala.

"Dikirani. Akuti dzina silisamuka mpaka patapita masiku khumi ogwira ntchito."

Sentimita anapita pa kalendala. Anadumpha Loweruka ndi Lamlungu kawiri. Chala chinaima pa Lachitatu, 30 Julayi. Kalata ya ahedi inali ya pa 31.

"Bwanji osangotipatsa lero?" anafunsa Sentimita. "Tapambana!"

"Masiku amenewo ndi a wogonjayo," anatero Aneba. "Ngati akuona kuti waponderezedwa, apite kukhoti. Akakasuma, zonse ziima mpaka khoti linene."

Amalume anaika mapepala pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti khoti likadali pamwamba?"

"Silinachokepo, bambo. Bungweli lingabweze dzina, basi. Silingamange munthu, silingabweze za makolo aja. Zimenezo n'za apolisi ndi khoti lanu lija."

"Hmm," anatero Amalume. Anapinda chigamulocho bwinobwino. "Woweruzayu analemba bwino. Akanakhala kwathu kukhoti, akanafika patali." Anatembenukira kwa Sentimita. "Iwe, dikira masiku akewo. Tsiku lina wogonja udzakhala iweyo, udzawafuna."

Anadikira. Sentimita anadula mashati 140 m'masabata awiri amenewo osadziwa ngati adzavalidwa. Munthu uja sanapite kukhoti. Kukhoti akanayenera kutchula dzina lake lenileni.

Lachitatu pa 30 Julayi, nthawi ili 2 koloko masana, uthenga unafika kuti dzina lasamutsidwa. Aneba anabwezeretsa tsamba lakale, chithunzi chomwe chija, nambala ya shopu ili pansi pake. Sentimita anapempha kuti aonjezepo mzere umodzi: Sitilandira kanthu tisanamuyeze mwana.

M'mawa wa pa 31 anafika ku sukulu isanakwane 8 koloko. Ahedi sanafune kuona foni yake. Anaitana mwana amene ankadutsa pakhonde, anapinda kolala ya shati yake, nakopera adiresi pa kompyuta yawo chilembo ndi chilembo. Tsamba linatseguka. Anaimba nambala imene inali pamenepo, ndipo foni inalira m'chikwama cha Sentimita.

"Yankha," anatero ahedi. "Ndikufuna kupereka oda."

Sabata yotsatira banja linakonza zimene zinalakwika. Dzina analilembetsa m'dzina la shopu, ndi imelo imene Sentimita ndi amayi ake onse amatsegula. Anayamba kulembetsa Singano Zitatu ku boma ngati chizindikiro cha malonda, ndipo mafomu anadzaza ndi Amalume. Nkhani ya ku polisi inali ikadali m'kati, ndipo Amalume ankapitako Lachiwiri lililonse kukafunsa pamene yafika. Mpaka lero iwo ndi Aneba sanagwirizane kuti woyenera kusunga kiyi wamkulu ndani. Amalume amati pakufunika lamulo lokakamiza makampani aulesi. Aneba amati lamulolo libwere, koma lisalande kiyi yense. Amakangana pa benchi pomwe paja, wina ndi nyuzipepala, wina ndi siketi yoti aipinde.

Pa msonkhano wa bungwe la atelala wa mwezi wa Ogasiti, anapempha Sentimita kuti afotokoze. Sanatalikitse.

"Dzina la pa intaneti ndi lobwereka," anatero. "Dziwani tsiku limene likutha. Likhale m'dzina la bizinesi, ndipo machenjezo azifika kwa anthu awiri amoyo. Wina akalitenga n'kumabera nalo anthu, musam'tukwane ndipo musam'lipire. Jambulani zonse, masiku akuoneka. Kauzeni apolisi, dandaulani ku kampani yolembetsa, kenako ku bungwe la mikangano ya mayina. Njirazi zilipo ndipo zimagwira ntchito, koma zimamva umboni, sizimva mkwiyo. Sungani chilichonse chimene chili ndi dzina lanu ndi tsiku."

Atabwerera ku shopu anapeza amayi ake atakhala pa makina a malemu aja, nsalu yofunditsa ili pambali, akuthira mafuta. Sentimita anatenga pepala lolimba la mapatani, nadula kachidutswa kofanana ndi kolala. Analembapo tsiku limene dzina lidzathenso, 20 Meyi chaka chamawa, n'kudinda chidindo cha shopu. Anafunafuna msomali pakhoma.

"Osati pakhoma," anatero amayi. "Pakhoma pamazolowereka."

Anatenga kapepalako n'kukamangirira ku kiyi wa chitseko cha shopu, amene amagwiridwa m'mawa uliwonse.